Ufulu Wolankhula Sufuna Chilolezo, Koma Uli ndi Malire

M'misika ya ku Ulongue, Tsangano ndi Furancungo alipo anthu amene amanong'ona akafuna kudandaula za mtengo wa chimanga kapena za msewu woonongeka. Ambiri amaganiza kuti kudzudzula boma pagulu ndi mlandu. Si mlandu ai.

Malamulo aakulu a dziko a 1990 ndiwo anabweretsa ufulu wolankhula, ndipo a 2004 anaubwereza m'ndime 48. Ndime 51 ikupatsa nzika zonse ufulu wosonkhana ndi kuchita zionetsero. Lamulo 9/91, limene linakonzedwanso mu 2001, likuti msonkhano wamtendere sufuna chilolezo. Chofunika ndi kudziwitsa boma ndi apolisi mwa kalata kutatsala masiku anayi ogwira ntchito. Kudziwitsa sikupempha.

Makhoti nawo ananenapo. Mu 2013 katswiri wa za chuma, Carlos Nuno Castel-Branco, analemba pa Facebook mawu owawa odzudzula Pulezidenti Armando Guebuza. Anaimbidwa mlandu, koma mu 2015 khoti la ku Maputo linampeza wosalakwa. Ngati mtsogoleri wa dziko angadzudzulidwe, ndiye kuti nyakwawa, mlembi wa chipani ndi adiministradoro angadzudzulidwenso.

Koma ufuluwu uli ndi malire, ndipo malirewo ndi ufulu wa anzako. Mlimi amene aimirira pa msonkhano n'kufunsa kumene kunapita mbewu zimene zinalonjezedwa ali m'kati mwa lamulo. Amene aloza mnzake pa msika n'kumutchula wakuba popanda umboni waipitsa dzina la munthu, ndipo akhoza kukayankha ku khoti. Choopsa kwambiri ndi kutchula munthu mfiti pakati pa gulu, kapena kuuza anyamata kuti akaotche nyumba ya wina. Mawu otere amatha ndi maliro. Nawonso obwera ku msonkhano asiye zikwanje ndi mikondo kunyumba, pakuti lamulo limateteza msonkhano wopanda zida.

Apolisi ndi akuluakulu a m'maboma ayenera kudziwa malamulowa koposa onse. Ntchito yao ndi kuteteza msonkhano, osati kuubalalitsa chifukwa mawu ake sanawakomere. Wakutsina khutu ndi mnansi: wodandaula za chipatala chopanda mankhwala akuthandiza boma kuona pamene palakwika.

Anthu a m'midzi alankhule masana, pabwalo, ali ndi umboni m'manja. Mafumu aitane misonkhano, ndipo alole amai ndi anyamata kuti nawonso amalize mawu ao.