Za Bodza Lolembedwa pa Bokosi la Mowa

Ku America kuli mwambo umene ambiri a ife sitinaumve. Anthu afulula mowa m'nyumba zao, nauthira m'mabotolo, nautumiza kutali kwa oweruza, kuti alawe ndi kunena wopambana ndani. Sitilemba mau awa kuti titame mowa, iai. Cimene Mpingo uphunzitsa za kuledzera mucidziwa nonse. Koma m'mwambo umenewu mwabisala coipa cina cimene tifuna kucitsutsa poyera, ndico bodza.

Tamverani ciyambi cace. M'caka ca 1978 Pulezidenti Jimmy Carter anasaina lamulo lolola munthu wamkulu kufulula mowa wa pa nyumba kufikira magaloni 100 pa caka, wosagulitsa. Caka comweco Charlie Papazian ndi mnzace anayambitsa bungwe la ofulula, dzina lace American Homebrewers Association, m'mudzi wa Boulder, ndipo mu 1979 anacita mpikisano wao woyamba. Malamulo a boma alolanso kuturutsa mowawo m'nyumba kupita nao ku mpikisano. Koma taonani codabwitsa: positi ya boma lomwelo ikana kunyamula mowa ciyambire 1909, ndipo makampani onyamula katundu, UPS ndi FedEx, alandira mowa kwa amalonda okhala ndi cilolezo okha. Boma latsegula khomo la bwalo, koma njira ya kubwaloko laitseka ndi minga.

Nanga ofulula acita ciani? Ena akhala cete osanena za m'bokosi; ena alemba pamwamba pace kuti muli yisiti ya kuyesa, kapena zagalasi cabe. Akale aphunzitsa atsopano cinyengo cimeneci monga ngati ndi nzeru ya nchito, ndipo aseka.

Adzati ena, Ndi bodza laling'ono, silipweteka munthu. Ife tikana. Inu amene mudziwa masese mudziwa kuti mowa ndi cinthu camoyo: lero uli bwino, pakapita masiku owerengeka wasasa. Wa m'botolo ukhalitsa koposa, koma adani ace ndi atatu. Woyamba ndi kutentha, kumene kuukalambitsa msanga. Waciwiri ndi mpweya wolowa pothira, umene uupatsa kukoma konga kwa pepala lonyowa. Wacitatu ndi kuwala kwa dzuwa, kumene kusanduliza zoŵaŵitsa zace, dzina lao hops, kuti mowa ununkhe ngati kanyimbi. Cifukwa cace ofulula asankha mabotolo oderapo, nausunga pozizira ndi pamdima. Tsono munthu wasamala mowa wace masabata ambiri, nakulunga botolo liri lonse pa lokha, kenaka aupereka kwa wonyamula amene sadziwa cimene wasenza. Bokosi likakhala m'galimoto yotentha, ndani adzadandaula? Wotumiza sangathe, pakuti ananama. Ndipo oweruza, polawa, aweruza ulendo, si luso la wofulula.

Palinso cina. Mowa wotsekeredwa usanathe kuwira upitiriza kuwira m'botolo, ndipo potentha botolo likhoza kuphulika. Amene akumana ndi magalasi osweka ndi wanchito wosauka wonyamula mabokosi, amene sanauzidwe kanthu. Kodi bodza limeneli silipweteka munthu?

Mlandu waukuru tiuika pa opanga malamulo. Mutu ukakula sulewa nkhonya. Ngati aona kuti mpikisano ndi woipa, auletse poyera. Ngati aulola, atsegule njira yoona, kuti munthu alembe pa bokosi dzina leni leni la cimene cirimo, ndi wonyamula acisamale podziwa. Lamulo limene lilola ndi dzanja limodzi ndi kuletsa ndi linzace liphunzitsa anthu kupeputsa malamulo onse.

Koma ofulula nao sitiwamasula. Mipikisano yambiri iri ndi malo olandirirako mabotolo, kumene munthu apita nao yekha ndi manja ace. Amene ali kutali ndi malo otere apikisane ndi anansi ace, kapena aleke. Mphotho ya nsaru yokongola siyenera kugulidwa ndi mau onama.

Abale, nkhani iyi ndi ya kutsidya la nyanja, koma funso lace litipeza pakhomo pathu: cimene talemba kunja kwa mtolo, kodi ndico ciri m'kati?