Shuga akatsika sikuti wachoka

Azimayi anzanga, pali mawu amene ndikawamva kuntchito mtima umandigunda: "Anesi, mankhwala aja ndinasiya, ndinachira."

Mwezi watha ndinawamva kwa mayi wina wa ku Kauma, wogulitsa tomato. Chaka chatha anabwera ataonda, akukodza usiku wonse, ludzu losatha. Munthu akayezedwa m'mawa asanadye kanthu, makina n'kuonetsa 126 kapena kuposera apo, timayamba kuganizira matenda a shuga. Wa mayiwa anali atapitirira kutali. Anapatsidwa metformin. Patatha miyezi itatu mphamvu zinabwerera, anayambanso kulawirira kukapikula tomato, mapiritsi aja n'kuwaponya m'chikwama. Tsopano abwera ndi chilonda kuphazi chimene sakudziwa n'komwe kuti chinayamba liti, chifukwa phazilo linachita dzanzi. Tinawatumiza ku Central, ndipo madokotala akulimbana kuti lisadulidwe.

Sindikuwanyoza mayiwa ayi. Tinazolowera malungo: umamwa LA masiku atatu, basi wachira. Shuga sali choncho. Mukamamva bwino ndiye kuti mankhwala akugwira ntchito. Mukasiya, shuga amakweranso mwakachetechete, n'kumadya mitsempha ya m'maso, impso ndi mapazi inu mukuseka ndi anzanu pamsika. Ululu umabwera zinthu zitaonongeka kale.

Ena amasiya chifukwa metformin akuwatsegula m'mimba kapena kuwachititsa nseru. Imwani mukudya kapena mutangomaliza kudya, ndipo zikapitirira bwerani mutiuze. Ena auzidwa kuti chammwamba chimachotsa shuga. Chammwamba ndi ndiwo zabwino, dyani, koma sichilowa m'malo mwa piritsi. Enanso apemphereredwa. Inenso ndimapemphera, koma pempherani mapiritsi ali m'manja.

Tsopano ndilankhule ndi inu ogwira mthiko, chifukwa ine ndimaona kuti theka la chithandizo cha shuga lili kukhitchini. Kumuphikira wodwala kampoto kakekake, ena onse akudya nsima yoyera ndi kumwa Sobo pamaso pake, n'kumuzunza. Satha mwezi asanagonje. Ndiponso makala a miphika iwiri muwapeza kuti masiku ano? Banja lonse lidye mgaiwa. Koma mgaiwa nawo umakweza shuga ukachuluka, ndiye wodwala achepetse mitanda, achulutse nkhwani, bonongwe, mpiru ndi nyemba. Tiyi wopanda shuga amawawa sabata yoyamba yokha. Thobwa lothira shuga, mandasi ndi Fanta zisiyeni, ngakhale paukwati. Ndipo ana anu mukuwateteza nawo, poti matendawa amayenda m'banja.

Kusadya nakonso n'koopsa. Amene mumamwa glibenclamide kapena kubaya insulini, musadumphe chakudya. Mukaona bambo akunjenjemera, thukuta lili kamukamu, akuyankhula zosokonekera ngati aledzera, mwina shuga watsika kwambiri. Ngati akutha kumeza, apatseni madzi othira masupuni atatu a shuga, kenako adye. Ngati akomoka musawathire kanthu m'kamwa, thamangirani nawo kuchipatala.

Ndikudziwa kuti nthawi zina mumalipira kabaza, mwafika, n'kuuzidwa kuti mankhwala atha. Zimatipweteka ifenso. N'chifukwa chake ndimati musadikire piritsi lomaliza. Bwerani kutatsala a sabata imodzi, buku lanu la kuchipatala lili m'manja, kuti akasowa mukhale ndi masiku ofufuzira kwina. Ndipo musagawane mapiritsi ndi aneba, mlingo wa wina si wanu.

Madzulo ano, musanagone, tengani tochi muyang'ane mapazi a wodwala wanu, pansi pake ndi pakati pa zala. Mukapeza kachilonda, chithuza kapena mng'alu, musathire mankhwala azitsamba kapena kudula ndi lezala. Mawa m'mawa abwere tidzaone.