Galimoto yogona pansi pa mtengo wa mango

Munthu woyenda pa msewu wa Great East kucokera ku Sinda kupita ku Katete, kapena kukhotera ku Chanida, akamayang'anitsitsa kuseri kwa nyumba za anthu sangalephere kuona galimoto yakale itakhala pa njerwa, matayala ataphwa, nkhuku zikuikira mazira pa mpando wa dalaivala. Ku Vubwi nakonso ziliko. Mwezi uno tikambirane za anthu amene akuti pa Ciweru masana, atacoka kumunda kapena ku nchito, amatenga sipanala nayamba kudzutsa nkhalamba zoterezi, osati kuti apeze ndalama koma cifukwa mtima wao uli pamenepo.

Zambiri mwa galimotozi ndi Peugeot 404 ndi 504, Datsun, Land Rover, ndi Fiat zimene zinali kulumikizidwa ku Livingstone Motor Assemblers m'zaka za m'ma 1970. Sizinali zacibwana. Peugeot 504 inatuluka mu 1968, ndipo mu 1975 inapambana mpikisano wa Safari Rally ku Kenya, m'matope ndi m'fumbi longa lathu lomweli. Ubwino wake waukulu ngwakuti mulibe kompyuta. Munthu wodekha angathe kumasula injini yake yonse pa mphasa, naibwezera.

Koma musanagwire sipanala, abale, funsani funso limene ambiri amaliopa: kodi galimotoyi ndi ya yani? Zambiri zinaima tsiku limene mwini wake anamwalira, ndipo cinazipha si dzimbiri ai, koma mkangano. Pa mwambo wathu wa Cicewa, adzukulu a malemu, ndiye kuti ana a mlongo wake, amaona ngati cuma ca atsibweni ncao. Lamulo la Intestate Succession Act la mu 1989 linena zosiyana. Munthu akamwalira osasiya wilo, pa ukwati wa mkazi mmodzi, katundu wa pakhomo, kuphatikizapo galimoto imene sinali ya malonda, apita kwa mkazi wamasiye ndi ana. Cotero mnyamata amene wathera zaka ziwiri ndi ndalama zake zonse za thonje pa galimoto ya atsibweni ake angadzaione ikupita tsiku limene yalira. Khalani pansi ndi banja lonse poyamba, pamodzi ndi munthu amene khoti linamuika kuyang'anira cuma ca malemu. Funani buku la galimoto, lija timati white book, ndipo onani ngati nambala za pa injini ndi pa chassis zigwirizana ndi zolembedwamo. Bungwe la RTSA, lokhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2002, lidzafuna zimenezi posintha dzina la mwini.

Tsopano za dzimbiri. Citsulo cikakumana ndi madzi ndi mpweya cimasanduka fumbi lofiira, ndipo mcere umafulumiza nchitoyo. Kuno kum'mawa kulibe nyanja ya mcere, koma tili ndi feteleza. Galimoto imene inanyamula matumba a urea ndi D-compound kwa zaka khumi imadyeka kumbuyo monga nsalu yodyedwa ndi njenjete. Onjezani matope a dzinja okakamira pansi, masamba a mango owolera m'ngalande za madzi, ndi ndowe za nkhuku. Land Rover imanyenga anthu koposa zonse. Kuyambira mu 1948 thupi lake linali kupangidwa ndi aluminiyamu, popeza citsulo cinali cosowa ku Britain nkhondo itatha, ndipo aluminiyamu sacita dzimbiri lofiira. Kunja imaoneka yamoyo, pamene msana wake wacitsulo unatha kale. Lowani pansi ndi nyundo yaing'ono, mugogode chassis yonse. Pabwino pamalira ngati belu. Powola pamayankha ngati dzungu. Ngati nyundo ibowola pamene pamangidwa masipuling'i, ine ndinganene kuti igulitseni kwa ogula zitsulo, pokhapokha mutapeza chassis ina.

Dzimbiri la pamwamba limacoka ndi bulashi ya waya ndi sandipepa. Palani kufikira citsulo ciwale, ndipo pakani penti yofiira ija ya red oxide tsiku lomwelo, cifukwa mame a usiku umodzi akwanira kuyambitsanso matendawo. Nyengo yabwino ndi kuyambira Meyi kufikira Okutobala. Pobowoka mpofunika kudula ndi kuwocherera cigamba cacitsulo. Kumata ndi phala la penti nkubisa cilonda ndi nsanza.

Injini yogona zaka zambiri musaikakamize. Cotsani mapulagi, thirani mafuta pang'ono m'mabowo ake, dikirani sabata kapena awiri, ndipo muipotoze ndi dzanja pang'onopang'ono. Kuona maso a nkhono nkudekha. Dziwaninso kuti injini zambiri zakale zinapangidwira petulo wokhala ndi mtovu, amene analeka kale kugulitsidwa m'maiko a kuno. Makanika wodziwa ayang'ane pokhalira mavalavu.

Pali zinthu zitatu zimene zimapha. Jeke yokha, kapena njerwa zosaocha, si zogonera pansi pake. Ikani zipika zolimba. Thanki ya petulo, ngakhale youma kwa zaka, isayandikire moto wa wowocherera, pakuti cimaphulika ndi mpweya wotsalamo. Ndipo mabuleki akale ambiri ali ndi asbestos, amene fumbi lake limaononga mapapo. Musalipemerere ndi pakamwa, pukutani ndi nsanza yonyowa. Mapaipi a mabuleki, mphira zake ndi mafuta ake, zonse gulani zatsopano.

Kunena za ndalama, amai a pakhomo ali ndi cifukwa comveka akamaiyang'ana galimotoyo ngati mkazi mnzao. Zitsulo zina zimapezeka ku Chipata, zina ku Lusaka, zina mpaka kufunsa ku Lilongwe, ndipo ulendo uliwonse umadya thumba la nshawa. Gwirizanani kuti mukakolola, za sukulu ndi za feteleza zipatulidwe poyamba, galimoto idye zotsala. Ana aitaneni azigwira tochi ndi kutsuka mabauti m'palafini, asungwana ndi anyamata omwe. Bauti iliyonse yomasulidwa ilowe m'citini colembedwa dzina, cifukwa pofika Ogasiti wa caka camawa, pamene mufuna kupita nayo ku Kulamba ku Mkaika, simudzakumbukira kumene inacoka.