Za Loboti Yosokera ndi Anthu Oitsata

Tikuuzani za makina otchedwa loboti. Sitikunena nyali zija za pa mphambano za misewu m'tauni ayi, koma makina oyenda ndi kugwira ntchito monga munthu. Dzinali linamveka poyamba m'sewero la Karel Čapek, mlembi wa ku Czechoslovakia, chaka cha 1920. Ndipo m'chinenero chakwawo robota ndiyo ntchito yokakamiza imene alimi osauka anali kugwirira mwini malo, monga thangata uja amene makolo athu anamdziwa bwino.

Tsono anthu ophunzira alikufunsa kuti: Kodi munthu amamkhulupirira mpaka pati wantchito wachitsuloyu? Pa sukulu yaikulu ya Georgia Tech, mu mzinda wa Atlanta ku America, akatswiri ena, mwa iwo Paul Robinette, Alan Wagner ndi Ayanna Howard, anayesa chinthuchi, nalengeza zimene anapeza chaka cha 2016. Iwo anafuna kudziwa ngati anthu angamvere loboti pothawa m'nyumba imene ilikupsa.

Anaitana anthu 42, ambiri a iwo ophunzira, mmodzimmodzi, osawaululira cholinga chenicheni. Loboti inatsogolera aliyense ku chipinda choti akawerengeremo nkhani. Kwa ena inayenda bwino. Kwa ena inasokera, nilowa chipinda cholakwika, nizungulira kawiri ngati nkhuku yachitopa; kwa enanso inangoima, ndipo anauzidwa kuti yawonongeka. Zonsezi zinali zadala, pakuti munthu wobisala ndiye anali kuiyendetsa.

Mlendo ali chiwerengere m'chipindamo, akatswiri anadzaza njira ya panja pake ndi utsi wochita kupanga, ndipo belu lochenjeza za moto linalira. Potsegula chitseko, munthuyo anapeza loboti ija itayatsa nyali zofiira, mikono yake yoyera ikuloza kumbuyo kwa nyumba, osati ku khomo limene iye analowera, lomwe linali ndi chizindikiro chotulukira.

Taonani tsono chimene chinachitika. Pa mayeso oyamba panali anthu 26, ndipo onse 26 anapita kumene loboti inaloza, ngakhale theka la iwo anali ataiona ikusokera kanthawi kapitako. Pambuyo pake anailozetsa ku chipinda chamdima chimene khomo lake linatchingidwa ndi katundu, ndipo ena anadzipanikiza nalowa momwemo!

Ife sitiwaseka anthuwa. Pa lobotiyo panalembedwa mawu akuti ndiyo yotsogolera pa ngozi. Ndipo ndani wa ife, ali mlendo, mtima uli m'mwamba, amene satsata munthu wovala yunifolomu ndi kuloza njira molimba mtima? Munthu wosokera amaoneka pankhope: amakanda mutu, amayang'ana uku ndi uku, ndipo timadziwa kuti tifunse wina. Chitsulo chilibe nkhope yotere. Chimaloza njira yolakwika ndi mkono wowongoka womwewo.

Tisabisenso kuti moto weniweni panalibe, ndipo anthu 42 ndi ochepa. Komabe akatswiriwo anadabwa, pakuti anayembekezera kuti loboti ikalakwa poyera anthu adzaisiya. Funso lawo linatembenuka: anayamba ndi kufunsa ngati anthu adzaimvera, koma anatsiriza ndi kufunsa za njira yoti loboti yowonongeka iuze anthu kuti aleke kuitsata.