Pamene Chingerezi chinali chilankhulo cha kumudzi

Mnzanga wina wa m'kalasi mwathu amakonda kunena kuti Chichewa sichingathe kusenza nkhani za malamulo chifukwa chilibe mawu okwanira. Ine ndikutsutsana naye, ndipo umboni wanga ndikuutenga ku Mangalande komweko.

M'chaka cha 1066, William wa ku Normandy adagonjetsa mfumu Harold pa nkhondo ya ku Hastings. Iye ndi nduna zake ankalankhula mtundu wa Chifalansa umene akatswiri amautcha Anglo-Norman. Chilankhulo chimenechi chidalowa kunyumba ya mfumu, kenaka m'mabwalo a milandu, pomwe zikalata zambiri zinkalembedwa m'Chilatini. Chingerezi chidatsalira alimi ndi antchito. Mpaka lero chiweto chikakhala m'khola Mngerezi amachitcha cow, pig kapena sheep, koma chikafika m'mbale chimasanduka beef, pork kapena mutton, mawu ochokera m'kamwa mwa mabwana aja. Ngakhale mawu athu akuti khoti, jaji ndi apilo adachokera kumeneko, adangodzera m'Chingerezi.

Zinthu zidayamba kusintha mfumu John atalandidwa Normandy m'chaka cha 1204. Mu 1362 padakhazikitsidwa lamulo lakuti milandu izikambidwa m'Chingerezi popeza anthu ambiri sankamva Chifalansa. Choseketsa n'chakuti lamulolo lidalembedwa m'Chifalansa momwemo! Maloya adakakamirabe chilankhulochi m'mabuku awo kwa zaka zina pafupifupi 300, ndipo lero lino mfumu ikavomereza lamulo latsopano, ku Nyumba ya Malamulo ya ku London amalengeza kuti "Le Roy le veult", kutanthauza kuti mfumu yafuna.

Phunziro langa ndi lakuti ulemu wa chilankhulo umachokera kwa amene ali ndi mphamvu, osati m'mawu ake. Chingerezi sichidadikire kuti chikhwime kaye. Chidalowa m'khoti chikadali chosowa mawu, n'kubwereka amene chinalibe.

Kuno kwathu malamulo oyendetsera dziko amafuna kuti phungu azitha kulankhula ndi kuwerenga Chingerezi. Mayi wa kumudzi akamazengedwa mlandu, ufulu wake umadalira womasulira. Womasulirayo akaphonya mawu amodzi, amene akapite kundende ndi mayiyo. Angerezi adaona kuti vuto lotere silabwino zaka zoposa 600 zapitazo. Nanga ife tikudikira chiyani?