Petulo wa Premium ndi wa Regular: Kusiyana Kwace Kuli Pati?

M'maiko ambiri, munthu akafika ndi galimoto pomwetsera mafuta amapeza petulo wa mitundu iwiri kapena itatu. Ku America pamipope pamalembedwa 87, 89 ndi 91 kapena 93. Wa 87 amamucha Regular, ndipo wa 91 kapena 93 amamucha Premium, amene mtengo wace ndi wokwera. Eni magalimoto apamwamba monga Mercedes-Benz, BMW ndi Lexus akhala akutsutsana zaka zambiri pa funso ili: kodi ndi cilungamo kulipira ndalama zoonjezera, kapena ndi kutaya cuma cabe? Nkhani imeneyi yafika ndi kuno, pakuti magalimoto otere, ogulidwa atagwirapo kale nchito ku Japan ndi ku Britain, tsopano aoneka m'misewu ya ku Chipata, Katete ndi Petauke.

Anthu ambiri aganiza kuti petulo wodula ali ndi mphamvu yoposa, monga momwe mowa wina uposera unzace ukali. Maganizo amenewa ndi olakwa. Mphamvu imene iri m'lita imodzi ya Premium ndi ya Regular iri pafupifupi cimodzimodzi. Nambala ija, imene akatswiri aicha octane, ionetsa cinthu cina: kupirira kwa petulo pamene apanikizidwa ndi kutenthedwa, kuti asayake yekha nthawi yace isanakwane.

Kuti cimveke bwino, kufunika kudziwa zocitika m'kati mwa injini. Petulo wosakanizika ndi mpweya alowa m'silinda, ndipo pisitoni akwera nafinya mpweyawo m'malo ocepa, kawirikawiri gawo limodzi mwa magawo 10 a malo amene unali. Ali yense amene anapopapo thayala la njinga adziwa kuti pampu itentha, cifukwa mpweya ukafinyidwa utentha. Kenaka pulagi ithetheka, moto uyenda mwa dongosolo kucokera pa pulagi, ndipo pisitoni akankhidwa pansi. Koma ngati petulo ali wosapirira, mpweya wotsala m'mbali mwa silinda uphulika wokha moto uja usanafikeko. Pamenepo pamveka phokoso longa la timiyala togubuduka m'citini. Uku ndiko kugogoda kwa injini. Kukapitirira nthawi yaitali kubowola kapena kusweka kwa pisitoni kumatsatira, ndipo mtengo wokonzetsa injini ya galimoto lapamwamba uposa wa ng'ombe zingapo.

Muyeso wa octane unakhazikitsidwa ndi katswiri wa ku America, Graham Edgar, ca m'ma 1927. Iye anatenga mafuta a mitundu iwiri: wina wopirira kwambiri wochedwa iso-octane anaupatsa nambala 100, ndipo wina wosacedwa kuphulika wochedwa heptane anaupatsa 0. Petulo wa 95 ndi amene apirira mofanana ndi msanganizo wa magawo 95 a woyambawo ndi magawo 5 a waciwiriwo.

Maiko sawerenga nambala imeneyi mofanana, ndipo apa ndi pamene ambiri asokonezeka. Ku Ulaya, ku Japan ndi ku South Africa alemba nambala yochedwa RON. Ku America alemba nambala ina imene ituluka yocepa ndi 4 kapena 5. Motero 87 wa ku America afanana ndi 91 kapena 92 wa ku Ulaya, ndipo 91 wa ku America ndiye 95 wa ku Ulaya. Ku Japan petulo wamba ayambira pa 89, ndipo wapamwamba ayambira pa 96. Wogula galimoto ayenera kudziwa dziko limene buku la galimotolo linalembedwera.

Nanga n'cifukwa ninji magalimoto apamwamba afuna petulo wa nambala yaikulu? Opanga magalimotowo afuna mphamvu zambiri kucokera m'injini yaing'ono. Cifukwa cace afinya mpweya kwambiri, kapena aika cipangizo cochedwa turbo cimene cikankhira mpweya woculuka m'silinda. Njira zonse ziwiri zionjezera kutentha ndi kupanikizika. Mphamvu yoonjezerayo icokera ku kapangidwe ka injini. Nchito ya petulo wa Premium ndi kulola injiniyo kugwira nchito yace yonse popanda kugogoda.

Injini za masiku ano ziri ndi kacipangizo kamene kamva kugogoda kukangoyamba. Kakamva, kompyuta ya galimoto icedwetsa pang'ono kuthetheka kwa pulagi, ndipo kugogoda kuleka. Ici ndico cifukwa cace ena anena kuti anathira Regular m'galimoto lao lapamwamba ndipo sanaone coipa ciri conse. Anena zoona, koma mbali imodzi cabe. Injini yadziteteza mwa kucepetsa mphamvu yace, ndipo imwa mafuta ambiri pang'ono. Tsiku lotentha la mwezi wa October, galimoto litasenza anthu ndi katundu pa zitunda za Great East Road kufupi ndi mlatho wa Luangwa, citetezo cimeneco cingafike pa malire ace.

Yankho lenileni lipezeka m'buku la galimoto, kapena pa cibaliro ca thanki ya mafuta. Opanga magalimoto agwiritsa nchito mau awiri osiyana. Ngati alemba kuti Premium ndi wofunika ndithu, mwini galimoto asayese kucepetsa. Ngati alemba kuti Premium ndi wolangizidwa cabe, Regular sangaononge injini, ngakhale mphamvu icepako. Bungwe la oyendetsa magalimoto la ku America, AAA, linayesa magalimoto a mtundu waciwiriwu m'caka ca 2017, ndipo linapeza kuti Premium anaonjezera mtunda woyenda pa lita ndi magawo osakwana 3 pa 100, ndi mphamvu ndi magawo osakwana 2 pa 100, phindu locepa poyerekeza ndi kusiyana kwa mtengo.

Palinso magalimoto apamwamba amene anapangidwira Regular, monga Lexus ES 350 ya caka ca 2013 yogulitsidwa ku America. Kuthira Premium m'galimoto lopangidwira Regular sikuonjezera kanthu. Bungwe lomwelo la AAA linalengeza mu 2016 kuti m'caka cimodzi anthu a ku America anataya madola oposa 2 biliyoni pa cizolowezi cimeneci. Ena aganiza kuti Premium atsuka injini, koma m'dziko limenelo lamulo linayamba mu 1995 kukakamiza kuti petulo wa mtundu uli wonse akhale ndi mankhwala otsukira.

Kutalika kwa dziko nako kuli ndi mbali yace. Kumapiri mpweya ndi wopepuka, ndipo injini yopanda turbo siifinya wambiri. Ndico cifukwa cace ku Johannesburg, mzinda wokhala mamita oposa 1,700 pamwamba pa nyanja, kugulitsidwa 93 pamodzi ndi 95, pamene ku Durban kugombe kupezeka 95. Lusaka nayo iri pamwamba, mamita oposa 1,200. Koma injini ya turbo sipindula kwenikweni ndi zimenezi, pakuti idzikankhira yokha mpweya wokwanira.

Akuluakulu akumbukira petulo wa mtovu. Mu 1921 Thomas Midgley wa kampani ya General Motors anapeza kuti mankhwala a mtovu aletsa kugogoda pa mtengo wochipa. Pambuyo pace kunadziwika kuti utsi wace uononga ubongo wa ana. Maiko a kumwera kwa cipululu ca Sahara analeka petulo ameneyu pofika pa 1 January 2006, ndipo Algeria, dziko lotsiriza, linaleka mu 2021. Lero octane akwezedwa ndi njira zina za kuyenga mafuta.

Kumidzi kuno coopsa cacikulu ciri m'zigubu za m'mphepete mwa msewu. Ogulitsa ena osakhulupirika asakaniza petulo ndi parafini, amene octane wace ndi wotsika kwambiri. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere: mafuta otere aoneka ochipa, koma agogodetsa injini iri yonse, kaya ndi ya Mercedes-Benz, ya njinga yamoto kapena ya pampu yothirira dimba. Mafuta agulidwe pa malo okhala ndi cilolezo ca bungwe la Energy Regulation Board.

Wofuna kugula galimoto lapamwamba ayambe wawerenga nambala yolembedwa pa cibaliro ca thanki, afunse eni malo omwetsera mafuta nambala ya petulo amene agulitsa, ndipo aone ngati ziwirizo zigwirizana asanatulutse ndalama zace. Safunsa anadya phula.