Khasu silipempha lendi

Pali anthu amene akaona munthu akulimbana ndi kuika Office 2007 pa laputopu ya Windows 11 amangoti, "Aa, mdala, ingogulani yatsopano basi." Anthu amenewa ndimakangana nawo, ndipo lero ndikangana nawo pano.

Taganizani. Munthu anagula pulogalamu yake pa CD ndi ndalama zake, kiyi ili pakabokosi. Laputopu yatsopano yabwera, ilibe n'polowetsa CD pomwe. Wavutika, wapeza njira, yalowa. Koma Microsoft inasiya kuisamalira mu 2017. Ya 2010 inatsatira mu 2020, ya 2016 ndi ya 2019 pa 14 Okutobala 2025. Kusiya kusamalira ndiye kuti mabowo amene akuba a pa intaneti angapeze palibe adzawatseke. Mnzake akamutumizira fayilo ya Excel yokhala ndi XLOOKUP, iye akangoikhudza pamatuluka #NAME? ngati walakwira wina. Nanga kalata yofunsira ntchito yasintha chiyani chichokere 2007? Mawu ndi omwewo, pepala ndi A4 yomweyo.

Ndiye amati njira ndi Microsoft 365, yolipira mwezi ndi mwezi kapena chaka ndi chaka. Ukasiya kulipira, ndakatulo zako umangoziona, kusintha ngakhale koma mmodzi ayi. Khasu ukagula ndi lako mpaka lithe. Ili akuti uzilipira nyengo iliyonse yolima, m'dziko limene dola imasowa ngati mvula ya mu Ogasiti. Ndipo pa ndalama yonseyo mawu a Chichewa amakhalabe ndi mzere wofiira kunsi, ngati tonse sitinapite kusukulu.

Wina anena kuti Office 2024 yogula kamodzi ilipo. Ilipodi, koma tsiku la maliro ake analengeza kale: 2029.

Chimene chimandiwawa n'chakuti ife achinyamata ndi amene timaimbira m'manja zimenezi, kenako n'kuthamangira kwa mnyamata wa mumsika kuti atiikire yokiraka, yobwera ndi mavairasi ake. LibreOffice ndi yaulere, imatsegula .doc yakale ndi .docx yomwe, ndipo .odt yake ndi muyezo wa ISO kuyambira 2006, si katundu wa kampani imodzi. Nthawi zina matebulo amasuntha, sindikana. Ukawakonza, sunga PDF, tumiza. Abwana amene akuwerenga CV yakoyo sadzafunsa kuti unailembera pa chiyani.